Khutu la Mbala Linafika ku Matero

Amene anamva mlandu uwu ndi awa: Abusa Gideoni Zulu, a Elisha Mwale wapampando wa akulu a mpingo, Amai Rute Sakala mtsogoleri wa chigwirizano cha amai, ndi akulu ena asanu ndi anai, m'kachipinda ka kuseri kwa guwa m'tchalitchi chathu ku Matero. Woimbidwa mlandu ndinali ine, Yotamu Banda, mlembi wa mpingo kwa zaka makumi atatu. Ndamva kuti ena a m'kwaya amasekera kuseri kwa thanki ya madzi kuti mdala Banda anapusitsidwa pa foni. Amene akuseka abwere kutsogolo, akhale pa benchi, apinde manja. Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene bodza limodzi linali zikoti zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinatulukako thupi langa lisanalawe chikoti.

Mpingo unagula kompyuta yakale m'tauni, ndipo inkakhala kwathu pa tebulo la pabalaza, yofundikidwa nsalu yoluka. M'menemo ndinataipamo zonse za m'mabuku akale: maubatizo, maukwati, ndi milandu ya chilango. Mukumva? Milandu. Amene anapezeka m'bala ku Mandevu atavala jekete la ukulu, amene ali ndi khomo lachiwiri ku George komboni, amene anapita kwa sing'anga Lachitatu nadzadya Mgonero Lamlungu. Maina, mboni, ndi mau enieni amene munthu analapa nao akulira. Ndinalemba zonse, chifukwa tchimo losalembedwa sachedwa kulibwereza.

Lolemba lina m'mawa galasi la kompyuta linafiira, mkati munayamba kulira ngati ambulansi, ndipo panabwera mau akuti matenda alowa, imbani nambala iyi msanga. Ndinaimba. Anayankha mwamuna wa Chingerezi chosalala ngati cha aphunzitsi athu akale, nandifunsa mmene ndadzukira, nafunsanso za a kunyumba. Mu Lusaka muno, m'mene kalaliki amakufunsa kuti "mufuna chani, mdala" maso ali pa foni, munthu wandifunsa za a kunyumba. Ndinaimirira ndi kumanga mabatani a jekete. Anati ndi dokotala wa makompyuta, ali kutsidya kwa nyanja, ndipo akupempha kulowa kuti asesemo. Mlendo waulemu satsekeredwa chitseko. Mmene analowera ndinena pa nthawi yake, pakuti zinthu zili ndi dongosolo.

Kamuvi ka pa galasi kanayamba kuyenda kokha, ine manja ali m'thumba. Kanadutsa maubatizo osaima, kanadumpha maukwati, kanakagogoda pa milandu ngati munthu wobadwira m'nyumbamo. Pamenepo mau a dokotala uja anasintha. Anati nditumize ndalama pa foni, apo ayi pofika Lamlungu milandu yonse idzakhala m'mafoni a mpingo wonse, kuyambira a kwaya mpaka amai ogulitsa tomato pa geti.

Ndinavula jekete, ndinalipinda bwino, ndinaliika pa mpando, ndipo ndinagwira mausi yoyendetsera kamuvi kaja. Iye kukokera kamuvi kumanzere, ine kumanja, iye kumwamba, ine pansi, mpaka tebulo linayamba kutsetsereka, linatuluka pakhomo, linawoloka ngalande, linalowa mu mseu ine ndili chigwirire nsapato zikutulutsa utsi, tinadutsa tuntemba tonse togulitsiramo zinthu, tinapitirira minibasi itatu yodzaza, kondakitala wina mpaka anandiitanira okwera poyesa kuti tebulo likupita m'tauni, tinakafika ku Chipata komboni, ndipo kumeneko ndinaponda mwala ndi chidendene n'kulibweza chambuyo njira yomweyo mpaka pabalaza panga, nsalu yoluka ili pamalo pake. Mukumva? Tili pakati pa nkhondo malaiti anapita monga mwa masiku onse, mafiriji a Matero yense anazima, ometa anasiya anthu mitu yometedwa theka, koma kompyuta ija sinazime, chifukwa ndinaiyang'ana kamodzi ndipo inadziwa kuti sindinaipatse chilolezo.

Pofika masana ndinaona kuti kukokana ndi kamuvi ndi kulimbana ndi wantchito bwana ali pamthunzi. Ndinapinda mkono wa shati katatu, mofanana bwino, n'kulowetsa dzanja m'galasi. Linalowa mpaka m'chigongono, mpaka m'phewa, linatsata waya pansi pa nthaka, linadutsa kunsi kwa komboni ya Chibolya kumene wina anayesa kundivula wotchi ndipo ndinamuwomba khofi osaima, linatuluka m'dziko muno popanda pasipoti, linalowa pansi pa nyanja nsomba zikundinyambita zala, linakatulukira m'chipinda chachitali m'mene munali mizere ya anthu ovala zomvera m'makutu, onse akufunsa nkhalamba za dziko lapansi mmene zadzukira. Ndinapapasa mitu umodzi umodzi ngati munthu wosankha maungu pa msika, mpaka ndinapeza khutu limene linali likadali lotentha ndi mau anga. Ndinalitsina ndi zala ziwiri, mmene ankachitira ahedi athu, n'kukoka.

Mwini wake sanathe kudutsa, mutu unakula. Koma khutu linabwera. Linatamuka kuchokera kutsidya kwa nyanja mpaka pabalaza panga, ndinalitulutsira pa windo n'kulimangirira ku mtengo wa mapeyala, ndipo akazi anga, Amai Banda, amene sataya mwai, anayanikapo mabulangete awiri ndi yunifomu ya chigwirizano. Mukumva? Ndinakoka mpando, ndinakhala, n'kuyamba kulankhula m'khutumo. Ndinayamba ndi Malamulo Khumi, pa lachisanu ndi chitatu ndinakhalapo maola awiri, ndinapitiriza ndi katekisimu yense, mafunso ndi mayankho, ndinatsiriza ndi nyimbo zitatu, mavesi onse, osadumpha lachitatu ngati mmene ichitira kwaya ya masiku ano. Munthuyo analira, misozi inayenda m'waya n'kumadontha pansi pa tebulo, ndipo titaiumitsa pa dzuwa tinathira mcherewo m'kapenta mwezi wathunthu.

Anabweza milandu yonse, umodzi umodzi, ine ndikuchonga. Zotsala zinali zimene anali atawerenga kale, zimene zinali m'mutu mwake. Ndinakoka mpweya, ndinauzira m'khutu muja kamodzi, ndipo zonse zinatulukira khutu linalo n'kugwera m'nyanja. Nsomba za kumeneko mpaka lero siziyang'anana m'maso. Kenaka ndinamasula khutu, ndipo kulira kwake pobwerera anakumva ku Kalingalinga, anthu n'kumati transifoma yaphulika.

Mawa lake, popeza nyumba imene mwalowa mbala imafunika loko watsopano, ndinanyamula kompyuta kupita nayo kwa Amai Mutinta, amene amakonza mafoni ndi makompyuta pa msika. Anachotsa kapulogalamu ka mbala ija, anafufuta zonse n'kuikamo zatsopano, ndipo anandisinthitsa mapasiwedi onse. Pondipatsa anati m'Chinyanja chao cha m'tauni, "Ba Sekeletale, aba banthu bakangena bamakopa vonse. Vamene banatenga, banatenga. Muuzeni ba Abusa." Ankatanthauza kuti mbala ija yadzisungira kope la milandu yonse. Ndinawayankha kuti iwo kunyanja kuja kunalibe.

Lachisanu a Mwale analandira uthenga pa foni kuchokera ku nambala yachilendo, m'menemo muli tsamba loyamba la mlandu wina. Sananene kuti mlandu wa yani. Anangoitanitsa msonkhano wa akulu Loweruka, ndipo anafika ola lathunthu nthawi isanakwane, chinthu chimene sanachitepo chiwasankhireni.

Ndinaimirira n'kufotokoza zonse mmene ndakufotokozerani inu, osachotsa, osaonjeza. Nditamaliza, Amai Sakala anakweza dzanja.

"A Mlembi, za khutu tamva. Koma munthuyo analowa bwanji?"

"Anandiuza kuti nditsitse kapulogalamu. Kanatulutsa manambala. Ndinamuwerengera."

"Munamuwerengera inuyo?"

"Anaphonya imodzi, amai. Ndinamudzudzula, n'kubwereza pang'onopang'ono kawiri. Sindilekerera ntchito yosalongosoka."

"Nanga pasiwedi?"

"Anapempha mwaulemu."

A Mwale anafunsa kuti ngati zonse zinagwera m'nyanja, uthenga wa pa foni yao wachokera kuti. Ndinawauza kuti pouzira ufa sipalephera kutsala nyenyeswa. Abusa anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, nafunsa kuti mwa anthu okhala m'chipindamo ndi angati amene maina ao ali m'milandu ija.

"Kupatula ine, abusa, onse. Ndiyambe motsata maina kapena motsata kukula kwa mlandu?"

"Khalani pansi, a Banda."

Abusa anaimirira n'kunena kuti njira zilipo ziwiri. Ngati a Banda akunama, ndiye kuti kutsidya kwa nyanja kuli munthu amene ali ndi zonse, ndipo mawa lomwe akulu onse ayenera kuima kutsogolo kwa mpingo, aliyense anene zake yekha mpingo usanaziwerenge pa foni. Ngati a Banda akunena zoona, zonse zili ndi nsomba. Anati iwo sanaonepo mlembi wao akunama, ndipo sakuona chifukwa choyambira lero.

Chigamulo chinali ichi. Nkhani ya khutu ndi yoona, yonse, ndi mabulangete omwe. Uthenga uliwonse wochokera ku nambala yachilendo ndi bodza la mdierekezi, ndipo mkhristu aufufute asanawerenge, makamaka ukakhala wonena za mnzake. Milandu ibwerere m'buku la cholembera, lotsekeredwa m'kabati ya makiyi awiri. A Banda akhalebe mlembi, koma foni ya mlendo aliyense wodziwa kupereka moni aziyankha ndi Amai Banda.

A Mwale anavomera oyamba, atakweza manja onse awiri. Akulu asanu ndi anai anatsatira. Amai Sakala anayang'ana kudenga, anayang'ana kwa ine, ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakumbutse tsamba lao, ndipo dzanja lao linakwera ndisanatulutse mau. Abusa anasaina. Ine ndinavomera pomaliza, nditaona kuti aliyense wasaina pa mzere wake.