Bafa la Akuluakulu

M'mudzi wina umene ojambula mapu anauiwala, mayi Ulemu Nankwenya, mmisiri wa zamagetsi, anaima phee n'kumayang'ana waya wopita ku bafa latsopano. Wayayo ankakwawa pa udzu wonyowa, ndipo polumikiza pake anakulungapo jumbo ya shuga.

Bafalo linali lapanja, lotenthetsa madzi ndi magetsi, lokwana anthu anayi a mimba zaulemu. Amene analibweretsa anali bambo Kapalamula, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yoona za Ulemerero wa Mudzi, ataliona ku Joni. Linali losambamo akuluakulu a komiti okha. Chimene chinatsala n'chakuti mayi Nankwenya asaine chikalata chotsimikiza kuti wolowamo atulukamo wamoyo.

"Sindisaina, bwana," anatero motsitsa mawu. "Malamulo akuti waya adutse m'paipi pansi pa nthaka, soketi italikirane ndi madzi, pakhale waya wa ethi wotsitsira magetsi othawa m'nthaka, komanso buleka yozimitsa magetsi akangothawira m'madzi."

"Buleka ija tinachotsa," anatero a Wapampando. "Inazimitsa magetsi katatu ine ndikuyankhula. Ilibe mwambo."

"Za ethizo musayambe n'komwe," anawonjezera wachiwiri wawo, bambo Thombozi. "Magetsi tawadikira zaka makumi awiri, lero tiziwathira m'dothi? Nanga waya tikam'kwirira alendo amuona bwanji? Chitukuko sabisa, mayi."

Komiti inavota, ndipo manja onse anagwirizana kuti magetsi sagwira munthu waudindo.

Tsiku lotsegulira kunabwera kwaya, ng'oma ndi riboni. Akuluakulu anafola atavala mathaulo m'chiuno, matayi m'khosi. M'mudzimo mwambo unali wakuti chilichonse amayamba ndi wamkulu: kukhala, kudya, ngakhale kuseka. Bambo Kapalamula anadula riboni, anaponda pamphepete ponyowa, n'kupisa chala cha kuphazi m'madzi.

Shoko inawamenya. Anadumpha, anagwedeza mapewa, anazungulira kawiri thaulo ali nalo kumanja.

"Akuvina!" anakuwa mayi wina wa kwaya. Nthungululu zinalira, ng'oma zinawatsatira, khamu linayamba kutsanzira sitepe yatsopanoyo.

Mpweya utabwerera, a Wapampando anasanduka munthu wodzichepetsa koopsa.

"A Thombozi, lowani ndinu. Mtsogoleri weniweni amakhala pambuyo."

"Ine, inu mulipo? Mutu ukakula sulewa nkhonya, bwana."

"Ndiye alowe a Mlembi Wamkulu."

"Ine ndikulemba zimene zikuchitika," anayankha a Mlembi, ali kuseri kwa kwaya, opanda cholembera.

Amuna amene kwa zaka khumi ankakanganirana mpando wakutsogolo pa maliro aliwonse anakankhana mwaulemu mpaka madzulo, aliyense akutamanda ukulu wa mnzake. Chikalata chinali chikhalire m'chikwama mwa mayi Nankwenya, chosasainidwa.

M'mawa mwake komiti inalengeza pa chimkuzamawu kuti, chifukwa cha chikondi chake chosaneneka, yapereka bafalo ngati mphatso kwa anthu wamba, ndipo oyamba kusambamo akhale amayi ndi ana. Mayi Nankwenya anafika gulu lisanafike. Anazula waya kumene ankachokera, anamudula ndi pulayala, n'kumukulunga. Pofika nayini koloko amayi anali ataviikamo chinangwa. Pofika teni, komiti inali itasankha kakomiti kapadera kofufuza chifukwa chimene anthu wamba amaonongera chitukuko.