Shafuti ya Vaneti Yanga

Lolemba
Vaneti ikulira pansi. Ndikanyamuka, gu! Ndikasintha giya, gu! Ndi shafuti, chitsulo chachitali chozunguza matayala akumbuyo. Makolosi ake atha, timitanda tolumikiza kunsonga tija.
Lamulungu mdzukulu wanga akubatizidwa ku Itawa, ndipo dzina akutenga langa. Opita: ine, amake Tereza, mbuzi ya phwando.
Tereza pafoni: "Atate, bambo a mwana ndi makanika, abwere aone. Kapena adzakutengeni pa galimoto yawo."
Iyayi! Mkamwini alowe pansi pa vaneti yanga? Amake Tereza akhale naye m'galimoto imodzi, kupumirana mpweya? Kwathu ku Katete apongozi amapatukirana njira. Ndalumbira pa nsolo, komboni yathu yonse ya Nkwazi yamva: mu Itawa ndilowa chiwongolero changa chili m'manja.

Lachiwiri
Zida: sipanala, jeke, choko, hamala yanga ya kumgodi. Sukulu sindinapondeko, zilembo ndinatola pa zikwangwani za pansi pa mgodi, koma chitsulo chimandidziwa.
Ndikulemba mizere ya choko polumikizira ponse, monga tinkalembera pamwala, kuti pobwezera zikumane momwe zinalili. Mabawuti akumvera, limodzi likukana. Hamala. Lamvera.
Ndikusolola shafuti, oyilo wa m'giyabokisi khuthu! kumaso.
Bashi Mulenga, Mbemba wa kuseri kwa mpanda, mbuya wanga wachipongwe poti mitundu yathu imanyozana mwanthabwala, akuyamba ndi moni wa kwawo: "Mwabombeni mukwai! Mukukumba mbewa pansipo?" Munthu wodya anyani!

Lachitatu
Ndikutsuka zonse m'parafini. Zikuwala ngati zatsopano. Mizere ya choko nayonso yatsukika. Palibe kanthu, mutu ulipo.
Kolosi ikukana kutuluka. Hamala. Kachipewa kake phaa! mpaka kukhola. Kani m'katimo mumakhala tisingano tachitsulo? Tonse mbwee m'dothi! Ndikutola chogwada, nkhuku zikutola nane. Ndikukamwa madzi, pobwera amake Tereza asesa bwalo.
"Ndimayesa ndi zinyalala, abambo ake."

Lachinayi
Pa basi mpaka ku Kitwe, kolosi yakale yakhala pakhonde, ndaiwala. Wogulitsa: "Bashikulu, nambala yake?" Nambala ya chiyani? Ndikumuonetsa ndi zala: yaikulu chonchi.
Ndikufika nayo kunyumba cha m'ma 16, dzuwa litapendeka. Sikulowa. Yanenepa pang'ono chabe, ngati chikhadabo. Mafakitale a masiku ano!

Lachisanu
Chonenepa chimachepetsedwa. Ndikupala ndi tupa m'mawa wonse. Hamala. Khutu la shafuti lapindika, kolosi yatsopano yang'aluka. Inali yabodza, ndinaiona kale.
Ndikubwerera ku yakale. M'malo mwa tisingano totayika ndikudula masipoko a njinga. Girisi wambiri, girisi amabisa zambiri. Mbali iti inayang'ana kuti? Ndikuyesa uku, ndikuyesa uko. Hamala yasankha.
Bashi Mulenga: "Mbuziyo muikwere, ifika msanga."

Loweruka
Yalira! Yanyamuka! Ndikuimba hutala pakhomo pa Bashi Mulenga kuti atuluke aone.
Kupitirira pang'ono, vaneti yonse ikunjenjemera ngati ya malungo, mano akugundana. Pafupi ndi msika: gwengwendere! Injini ikulira, matayala chilili. Pagalasi ndikuona shafuti ikugubudukira m'ngalande.
Azimayi a tomato akuithamangitsa. Anzanga a pa nsolo akukankha vaneti mpaka kunyumba.
Amake Tereza ali kuseri kwa chimbudzi ndi foni. Akuti akufunsa za keke.

Lamulungu
Mkamwini wafika 7 koloko. Wagwada patali, kumpanda, akuomba m'manja, maso pansi. Za shafuti sakutchula. Wangotulutsa chingwe, akumanga kumphuno kwa vaneti.
Ulendo: iye kutsogolo yekha m'galimoto yake. Pakati chingwe, mtunda wokwanira apongozi. Kumbuyo ine, amake Tereza pambali panga, mbuzi ndi shafuti m'bodi. Injini zii. Njira yonse ndikuponda buleki pang'ono, adziwe kuti kuno kuli munthu.
Mwana wabatizidwa, walira mwamphamvu, ndi wa mtundu wathu.
Makiyi ndasiya pa mpando. Sindinapemphe munthu, ndangoiwala. Mkamwini akawapeza, ndi zake. Hamala ndabwera nayo pa basi.
Bashi Mulenga: "Mbuya, akuti munakokedwa ngati ngolo?"
Anakoka, inde. Koma mu Itawa chiwongolero anagwira ndani?