Ngwazi Yanu Ili m'Khola la Mbuzi

Kwa Wolemekezeka Kamarada Nduna ya Zikumbutso, Nkhata za Maluwa ndi Kukhululukirana kwa Mayiko,
ku likulu.

Kamarada Nduna,

Ndagwada. Maondo anga masiku ano akapinda sawongoka msanga, choncho kugwadaku mukuwerengere ngati ulemu waukulu. Ndine Belarmina, mkazi wamasiye wa Zacarias Fulede, wa kuno ku Nhamadende m'chigawo cha Tete. Dzina la mwamuna wanga mumalidziwa, pakuti chaka chilichonse pa Tsiku la Ngwazi mumalitchula pa wailesi mawu akunjenjemera. Amene ali ndi kanema amandiuza kuti mumapukutanso maso ndi kansalu koyera, ndipo akuti mumapukuta mwaluso.

Kalatayi ndaipereka ku nyuzipepala chifukwa akuluakulu a kuno atandimvetsera anagwirizana kuti mutu wanga sukoka bwino. Sinditsutsa. Komatu wamisala anaona nkhondo, ndipo ine ndinaiona ndi maso anga awiri, nthawi imene inu munkatimenyera nkhondo ya pakamwa m'mahotela a mayiko ozizira. Imeneyonso inali nkhondo, sindikunyoza. Ndimamva kuti ena mwa inu munabwerako mimba zitatupa nayo.

Nkhani yanga ndi iyi. Mwezi wamawa anyamata anu akubwera kudzafukula mwamuna wanga m'khola la mbuzi kuseri kwa nyumba yanga, kumuika m'bokosi lonyezimira ndi kumukweza ndege kupita ku Portugal monga msilikali wa Apwitikizi. Ndisanayambe kulira, ndiloleni ndiyambe ndathokoza, monga tinaphunzitsidwira.

Choyamba, ndikuthokoza kuti simunabwere kudzatifunsa momwe tinkaikira maliro pa nthawi ya nkhondo. Mukanataya nthawi yanu yamtengo wapatali. Apwitikizi anatisonkhanitsa m'mudzi wozingidwa ndi waya kuti tisamadyetse anyamata a kutchire omenyera ufulu, koma tinkawadyetsabe. Ufa wa mapira tinkaubereka kumsana pansi pa mwana, n'kudutsa nawo pachipata tikupereka moni kwa mlonda. Chaka chimene anyamata anawoloka Zambezi anadzaukira kampu ya Apwitikizi pafupi ndi mlambe wathu, ndipo panafa anthu awiri. Wina anali Zacarias. Wina anali Adelino, kamnyamata kachipwitikizi kosendeka mphuno ndi dzuwa, kamene kankagula mazira kwa ife n'kumalipira osanenerera.

Apwitikizi anaika wawo patsinde pa mlambe, n'kuthira simenti ndi kuimika mtanda. Wathu anakwawa mpaka m'munda n'kufera m'mapira. Amayi tinamukulunga m'mtolo wa mapesi, tinamusenza ngati chakudya cha ziweto, tinalowa naye pachipata chomwecho. Apwitikizi akanamupeza akanamumangirira pamlambe kuti tonse tiphunzire, monga anachitira ndi ena. Choncho tinakumba m'khola, tinamugoneka pamphasa, tinasalaza dothi, n'kulowetsamo mbuzi kuti zipondeponde. Panalibe mtumbira, panalibe nyimbo ya maliro. Ine tsiku lomwelo ndinasinja mapira ndikuimba nyimbo ya pamtondo kuti mlonda asadabwe. Mpaka lero nyimbo imeneyo ikamveka ndimalowa m'nyumba.

Kenaka inu munakasaina mtendere kutali uko, ndipo Apwitikizi ananyamuka ndi mafiriji awo, agalu awo ndi mabelu a kutchalitchi. Akufa awo okha ndi amene anawaiwala.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha a Diretori Chaleca, bwana wa m'boma amene munawatuma zaka za m'mbuyomo kudzasonkhanitsa mafupa a ngwazi. Anafika ndi gulu la malipenga, atavala nsapato zoyera. Tinawatengera kukhola. Anaima patali atagwira mphuno, amvekere, "Mayi, ngwazi ya dziko singagone pansi pa ndowe za mbuzi. Boma silingajambulitse zimenezi." Atacheuka anaona simenti ndi mtanda pamlambe paja, nkhope yawo n'kuwala. Anati manda a munthu wofunika amaoneka okha.

Anyamata awo anakumba pamlambepo. Choyamba kutuluka zinali nsapato zachisilikali zamisomali kunsi, ndipo a Diretori anafotokoza kuti ngwazi yathu inachita kulanda kwa mdani, umboni wa kulimba mtima. Kenaka linatuluka tsitsi lofiirira lowongoka, iwo anati nthaka ya ku Tete ndi yotentha, imasintha zinthu. Pakhosi panali kachitsulo kolembedwa dzina, iwo anati ndi mendulo, n'kukaika m'thumba kuti akakasunge bwino. Mlamu wanga Jofrisse, amene pakamwa pake sipakhala chitseko, anafunsa kuti, "Abwana, mbale wangayu anafa wopanda nsapato, ndiye kumandaku wazigula sitolo iti?" Anthu anaseka mpaka oimba malipenga anasokoneza nyimbo. Jofrisse anakagona kupolisi chifukwa chonyoza akufa.

Choncho ndi Adelino amene agona m'chipilala chanu cha mwala wosalala mumzinda wa chigawo, pansi pa dzina la mwamuna wanga. Asilikali athu amamuchitira sawasha. Ana asukulu amamuimbira nyimbo zothamangitsa atsamunda, iye ali phee kumvetsera. Inu nomwe mumamuikira maluwa n'kumutchula mwana weniweni wa nthaka ino. Ndani anganene kuti dziko lathu silidziwa kukhululuka? Tinayamba kukhululuka tisanadziwe n'komwe kuti tikukhululuka.

Chachitatu, ndipo apa ndikuthokoza zenizeni, munatenga dzina n'kundisiyira munthu. Nditanena mpaka kutopa, ndinakhala pansi n'kuona kuti ndine ndapindula. Inu khalani ndi zilembo zanu, ine ndili ndi mwamuna wanga pakhomo. Madzulo ndikatsekera mbuzi ndimakhala pamwala wa pakhomo pa khola n'kumuuza zonse: kuti mvula yachedwa, kuti mdzukulu wake wapita kukakumba malasha, kuti dzino lina lagwa. Masau akapsa timatcheza kachasu, ndipo dontho loyamba limakhala lake. Sayankha, koma ali moyo sankayankhanso kwambiri. Mbuzi za m'khola limenelo fisi sanagwirepo ndi imodzi yomwe, ndipo mudzi wonse umadziwa chifukwa chake. Boma lokha ndi limene silidziwa.

Chachinayi, ndikuyamikira pangano latsopano limene munakasaina ku Ulaya, loti mayiko awiriwa abwezerane akufa awo. Pa chithunzi munaoneka bwino, tambula ili m'manja. Alembi anu atakhala pansi anawerengera mwanzeru: pa Nhamadende panafa awiri, ngwazi ili kale m'chipilala, ndiye wotsalayo ndi Mpwitikizi basi. Masamu a boma sanama. Mwezi wathawu a Diretori Chaleca anabweranso, tsitsi litayera koma nsapato zili zoyerabe, n'kukhoma chikhomo chofiira pakati pa khola langa. Khola lija linali lonyansa kwa ngwazi, koma kwa mtsamunda akuti ndi malo oyenera, ndipo tsopano lijambulidwa.

Ndinawakumbutsa za nsapato, za tsitsi, ndi za kachitsulo kaja. Anandiyankha mokoma mtima kuti, "Mayi, mbiri inalembedwa kale, ili m'mabuku asukulu. Mukufuna ana onse a dziko lino alephere mayeso chifukwa cha inu?" Sindinafune kulepheretsa ana. Ndikumvanso kuti udindo umene a Diretori ali nawo lero anaupeza chifukwa cha mafupa omwe aja, ndiye khoswe wakhala pamkhate. Inu simunabwere, munangomva kwa iwo, ndipo tonse tikudziwa zimene kandimverere anakanena.

Chachisanu ndilibe chothokoza, ngakhale ndafunafuna. Pa ulendo umenewu a Diretori anabwera ndi Dona Graciete, mlongo wake wa Adelino, nkhalamba ngati ine ndemwe, yoyenda ndi ndodo. Ine anandiika pamzere wa amayi oimba nthungululu. Mayi uja analowa m'khola ndi diresi lake lakuda, anagwada m'ndowe zimene a Diretori anazikana, anagwira dothi ndi manja onse awiri n'kumaitana dzina la mlongo wake. Ndinachoka pamzere, ndinamuuza m'Chipwitikizi changa cha kumsika kuti mlongo wake ali mumzinda, uyu ndi wanga. Iye anayang'ana a Diretori, a Diretori anagwira mutu wawo ndi chala n'kupukusa, kusonyeza kuti ndine wamisala. Ndiye mayiyo anandigwira dzanja n'kundithokoza chifukwa chosamalira manda a mlongo wake zaka zonsezi. Anandiuza kuti mayi wawo anamwalira akudikira mtembo wa mwana wawo, ndipo pambali pa manda awo anasiyapo malo.

Ndinamumvera chisoni, Kamarada Nduna, ndipo ndinachita manyazi amene anayenera kukhala anu. Ife ndi iwo tinaphana, zoona, koma mayi uja sanabwere kudzandilanda munda. Anabwera kudzatenga mlongo wake, ndipo inu mukufuna kumupatsa mwamuna wa mwini kuti akamugoneke pambali pa mayi ake. Ndi pangano limodzi mwakwanitsa kubera akazi awiri okalamba a mayiko awiri. Ubale wa mayiko ndi umenewu, sindinkadziwa.

Za Zacarias ndiye mungoganiza nokha. Munthu anafera kuchotsa Apwitikizi m'nthaka yake, lero mukumutumiza kukalowa m'nthaka yawo. Mwina ndi nzeru zankhondo zimene ife osaphunzira sitingazimvetse, kuti tsopano ndi nthawi yathu yokawalanda malo, tiyambire kumanda. Koma munthuyu ankaopa kuzizira, mwezi wa Juni ankagona mapazi ali paphulusa. Chipwitikizi chimene ankadziwa ndi chotukwana chokha. Kumeneko adzamuthirira kachasu ndani? Ndipo mzimu wosamutsidwa osaupempha suchedwa kudzuka kufunafuna kwawo. Ukadzasochera usadzagogode kwa ine, chifukwa ndamuuza kale dzina lanu ndi mtundu wa galimoto yanu.

Tsopano ndifike pa pempho langa, lomwe ndi laling'ono ngati mwini wake. Pali kanthu kamene sindinauze a Diretori, pakuti si nkhani yoti mkazi n'kuinena pa amuna, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lomwe tinamuika Zacarias tinalibe nsalu yomufunditsa, tinalibe chilichonse chomupatsa cha paulendo. Amayi anzanga atatembenuka, ndinamasula mikanda ya m'chiuno mwanga, imene azakhali anandimanga polowa m'banja, yofiira, yoyera ndi yakuda, n'kuikulunga padzanja lake lamanzere. Mwamuna wina aliyense sanaionepo mikanda imeneyo kupatula iye, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinavalenso ina. Mphasa inaola, mnofu unatha, koma mikanda siola.

Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti tsiku lofukulalo musatume munthu. Bwerani nokha, ndi kazembe wa ku Portugal, ndi Dona Graciete, ndi makina onse ojambulira amene boma lili nawo. Khasu ndikubwerekani. Mukafika padzanja lamanzere, mutole mikandayo, muikweze m'mwamba kuti dziko lonse lione, ndipo munene chimodzi mwa ziwiri. Munene kuti uyu ndi Zacarias Fulede, mumusiye m'khola mwake, mukatsegule chipilala mum'patse mayi uja mlongo wake, ndipo muvomere kuti zaka zonsezi kansalu kanu koyera kamanyowa ndi misozi yolirira msilikali wa atsamunda. Kapena munene kuti uyu ndi Adelino, ndipo kuti mkazi wa ngwazi yanu, nkhondo ili mkati, anamasulira mdani mikanda ya m'chiuno.

Ndikudziwa kuti chachiwiricho n'chotsika mtengo. Sichifuna kusintha mabuku, sichichotsa munthu pa mpando, chimangofuna mbiri ya nkhalamba imodzi imene aliyense akudziwa kale kuti ndi yamisala. Mukasankha chimenecho sindidzakutsekerezani njira, maondo anga sangalole. Ndingopempha kuti mudzachinene mutaima m'kholamo, mukundiyang'ana m'maso, mikanda yanga ili m'manja mwanu, Zacarias akumva.

Mbuzi ndidzazimangirira kwina kuti zisakudyereni tayi. Nsapato mubwere ndi zakutha.

Ine wanu wogwadabe, podikira wondidzutsa,

Belarmina, mkazi wa Zacarias Fulede,
Nhamadende, nyumba ya khola la chikhomo chofiira.