Mbusa Wadongo wa a Vitus

Ku Kapunula, Adventi ikayandikira, anthu ankayenda nkhope zili kumbali. Amayi ankakokera duku mpaka pa nsidze, amuna ankatsitsa chipewa, ndipo ena ankalolera kuzungulira njira ya kumanda m'malo modutsa pakhomo pa a Vitus. Sikuti mkuluyo anali woopsa. Ankangoyang'ana anthu basi. Koma amene wayang'anidwa ndi a Vitus mu Novembala ankadziwa kuti pa Khirisimasi adzapezeka m'tchalitchi kawiri: pabenchi, komanso m'khola la Mwana Yesu, ali wadongo, wamtali ngati chitsononkho.

Kuumba kwathu kuno ndi ntchito ya amayi. Anyamata amaumba ting'ombe kubusa, akakula n'kusiya. A Vitus sanasiye. Anakalamba ndi dongo m'zikhadabo. Tchalitchi chathu chinali kanthambi ka parishi ya Guilleme, chofoleredwa ndi udzu, ndipo khola la Khirisimasi ankamanga ndi iwo, pamodzi ndi anthu ake ndi ziweto zake. Vuto linali limodzi. Ankati sangaumbe nkhope imene sanaione, ndipo ku Betelehemu sanafikeko. Choncho ankatola nkhope za m'mudzi.

Imelda, mwana wa mlongo wawo, ankakhala moyang'anizana nawo, ndipo zonsezi ankazionera pakhonde. Iye ndiye ankatsogolera kwaya. Chaka china atsibweni akewo anamuumba mngelo wotsegula kukamwa kwambiri moti kangaude anamangamo nyumba tsiku la Khirisimasi lisanafike. Imelda anaseka mpaka kukhala pansi.

Akatekisi sanaseke. Iwo anali ndi makutu aakulu ndi maulaliki aatali, ndipo anadzipeza ali bulu. Anakadandaula kwa wansembe, mzungu wa mphuno yaitali amene ankabwera pa njinga yamoto. Wansembeyo anaseka mpaka misozi, n'kuwauza kuti adzichepetse, popeza bulu ndiye ananyamula Ambuye. Chaka chotsatira wansembe anadzipeza ali ngamira. Anaima pakholapo nthawi yaitali atagwira mphuno, kenaka analalikira mwachidule za kukhululuka.

Ngakhale a Habibu, Msilamu wa golosale ku Boma, sanapulumuke. A Vitus ankaima kutsogolo kwa golosaleyo Loweruka lililonse osagula ngakhale machesi, mpaka mwiniwake anayamba kubisa katundu. Atamva kuti wasanduka mmodzi wa mafumu atatu a kum'mawa, anapalasa njinga kudzadziona. Anavula nsapato pakhomo la tchalitchi, analowa, anawerama, n'kunena kuti ndevu zafupika ndipo mimba yakula.

"Mimbayo ndachepetsa kale, a Habibu," anatero a Vitus. "Dongo linatha."

Kuyambira pamenepo a Habibu ankatumiza kaphukusi ka lubani chaka chilichonse, akuti mfumu yawo isamafike kwa eniake chimanjamanja.

Amene ankafunafuna maso a a Vitus anali amayi a makanda okha, chifukwa Mwana Yesu ankatenga nkhope ya khanda lomalizira kubadwa m'mudzi. Chaka chimene kunabadwa mapasa, modyeramo ng'ombe munagona ana awiri. Akatekisi anati zimenezo n'zosemphana ndi chikhulupiriro. A Vitus anavomera, n'kuwapempha kuti asankhe okha woti achoke, ndiponso akawauze amake. Ana aja anagona onse awiri, atafunda kansalu kamodzi.

Winanso wofuna kuyang'anidwa anali a Mateyo, tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Iwo ankafuna ufumu. Novembala aliyense ankavala jekete ndi baji, kukakhala pakhonde pa a Vitus, n'kumatembenukira uku ndi uku ngati tambala. A Vitus ankayang'ana nkhuku zawo. Sanawaumbe ngakhale nkhosa. Atafunsidwa chifukwa, anati, "Nkhope yanu siikhazikika, a tcheyamani. Ndikaigwira m'mawa, madzulo yasintha."

Panali lamulo limodzi limene sankaliphwanya. Zoumba zawo sankaziwotcha. Likadutsa tsiku la Mafumu Atatu ankazilongedza m'dengu, kupita nazo kudambo kumene anakumba dongolo, n'kuziika m'madzi kuti zisungunuke. Ankati Mwana amabadwa chaka chilichonse, nafenso tiziumbidwa chatsopano.

Kenaka kunabwera chaka chija mabanja okana kugula khadi la chipani anathamangitsidwa, n'kuwolokera ku Zambia. Timoteyo, mwamuna wa Imelda, khadi anali nalo, ndipo anali Mkatolika woimba besi m'kwaya. Chimene chinamulakwitsa ndi njinga. Ananyamulapo nkhalamba ina ya m'banja lothawa, yosatha kuyenda, kukaisiya kumalire. Patapita masiku kunafika galimoto, masana, aliyense akuona. Anamupeza akumata chubu. Anakwera mwendo umodzi wa buluku uli womangidwabe ndi luzi, monga ankachitira kuti tcheni chisaudye.

Maliro sanachitike, chifukwa panalibe woika m'manda. Dzina lake linangoleka kumveka. Anthu ankafika pamene liyenera kutchulidwa, n'kulumpha, ngati mmene umalumphira linthumbu panjira. Achibale analangiza Imelda kuti chithunzi cha ukwati chisapezeke m'nyumba, ndipo anachiponya pamoto yekha. Kwaya anaisiya. Anatsala ndi khanda lalikazi, Keziya.

Keziya atafika msinkhu woyamba sukulu, tsiku lina akusenda mtedza wa mbewu ndi amake, anafunsa kuti kodi bambo ake ankaoneka bwanji. Imelda anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anakumbukira malaya, anakumbukira katsokomoledwe, fungo la guluu womatira chubu, manja. Nkhope panalibe. Anaitsinzinira maso, koma inali ngati nkhope ya m'chitsime chimene wina wangoviikamo chidebe. Anauza mwanayo kuti asende mtedza. Sabata yonseyo ankakhala kuseri kwa nkhokwe atatseka maso, chala chikujambula m'malere, ndipo nkhope ija sinabwere. Sanauze munthu. Koma kutsidya kwa bwalo kunali pakhonde pa a Vitus.

Novembala ameneyo a Vitus sanayang'ane wamkulu aliyense. Ankatsatira Keziya. Kuchitsime ali pomwepo, pansi pa mango ali pomwepo, mutu atapendeketsa. M'mudzi munayamba mikangano: ena ankati mwanayo adzakhala kamwana ka nkhosa, ena ankati kambuzi. Imelda anawoloka bwalo.

"Atsibweni, mwanayu zake n'zokwanira. Musamusandutse nkhosa anzake azimuseka."

"Nkhosa ndili nazo zambiri."

"Nanga mukumufunanji?"

"Ndikubwereka chipumi," anatero a Vitus, osadzutsa mutu padongo. "Ndi makutu pang'ono. Ndibweza."

Imelda anabwerera akuganiza kuti ukalamba wawafika m'mutu.

Mwambo wathu unali wakuti khola lizikhala lophimbidwa ndi nsalu mpaka m'mawa wa Khirisimasi. Njinga ya wansembe ikamveka, a Vitus ankavundukula, anthu n'kuunjikana kufufuza kuti ndani ndi ndani. Kuseka kumeneko ndiko kunali pemphero lathu loyamba. Chaka chimenecho kuseka kunayamba monga mwa nthawi zonse, chifukwa akatekisi anali atakwezedwa kuchoka pa bulu kufika pa ng'ombe. Kenaka kunayamba kuzima, kuyambira kutsogolo kumka kumbuyo. Amene waona ankabwerera pabenchi lake akuyang'ana pansi.

Imelda anafika mochedwa, atagwira Keziya padzanja. Kuseri kwa ng'ombe kunaima mbusa wamtali, mutu utapendekera kumanzere ngati munthu womvetsera nyimbo. Mwendo umodzi unali womangidwa ndi kaluzi kenikeni. Imelda anayang'ana kumaso kwake, ndipo nkhope ija inalowa mwa iye monga munthu alowera m'nyumba mwake, osaodira.

Kumbuyo kwake kunaima a Mateyo. Tchalitchi chonse chinasiya kupuma, chifukwa mawu amodzi a munthu ameneyo ankatha kuitana galimoto.

"Uyu ndani?"

"Mbusa," anayankha a Vitus.

"Ndikufunsa dzina."

"Abusa a ku Betelehemu sanalembedwe maina. Koma ngati inu mukumudziwa, a tcheyamani, mutchuleni tonse timve."

Maso onse anali pakamwa pa a Mateyo. Kuti akaneneze nkhaniyo anayenera kutchula dzina limene iwo omwe anatiphunzitsa kulilumpha. Ndiponso iwo ndi Timoteyo anadyetsera ng'ombe limodzi ali ana, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Pomaliza anati luzi si chinthu choyenera m'nyumba ya Mulungu, n'kupita kukakhala.

M'bata limenelo Keziya anakoka nsalu ya amake.

"Amayi, uyu wafanana ndi ine."

Imelda anayang'ana chipumi cha mbusayo, n'kuyang'ana cha mwana wake, ndi makutu aja otuluka pang'ono. Zaka zonsezi ankazisambitsa m'mawa uliwonse.

"Eya," anatero. "Wafanana nawe."

Misa itafika pa nyimbo ya ulemu kwa Mulungu, kwaya inayamba mwamantha, aliyense akudikira mnzake. Ndiye kumbuyo kunang'ambika nthungululu imene tinali titaiiwala. Anali Imelda, misozi ikufika kuchibwano, pakamwa pali potsegula ngati pa mngelo wa kangaude uja. Ng'oma inamutsatira. Tsiku limenelo tinavina mpaka fumbi linagwa kudenga, ndipo wansembe anadikira paguwa osatiletsa. A Vitus ananong'oneza woyandikana nawo kuti lero nkhope ya a tcheyamani yakhazikika. Chaka chotsatira anawaumba: kankhosa kogona pa mwendo wa luzi uja. A Mateyo anakayang'ana, sanadandaule.

Chaka choyamba chija, litadutsa tsiku la Mafumu Atatu, Imelda anapempha kuti mbusayo amusunge. A Vitus anakana.

"M'nyumba amafufuza, iwe. M'dambo safufuza."

Anawatsatira kudambo, n'kuona nkhope ija ikufewa, ikusalala, mpaka panatsala madzi ofiira. A Vitus anatsuka dengu n'kumuuza kuti apite akasambitse mwana.

Mbusa uja anabweranso Khirisimasi yotsatira, ndi inayo, ndi inayo. Palibe anafunsanso dzina. Koma anthu anayamba kuona chinthu chimene chinkawadzutsa tsitsi: ankakalamba. Chaka china anali ndi khwinya pachipumi. Chaka china masaya analowa. Kenaka m'mutu munayera phulusa. Zinali ngati kwinakwake, kuseri kwa zipupa zimene sitinkazidziwa, munthuyo akukula limodzi nafe, ndipo kamodzi pachaka amaloledwa kudzaima kuseri kwa ng'ombe. Imelda ankafika pakholapo monga munthu wopita kukaona wodwala. Tsiku lina anafunsa atsibweni ake ngati pali chimene akudziwa, ngati mwamuna wake ali moyo. Iwo anati sadziwa kanthu, zala zimangopita zokha.

A Vitus anamwalira mu Adventi, atakhala pakhonde pawo, maso akuloza kunjira. M'mawa wonse anthu ankadutsa akubisa nkhope, ena akuwapatsa moni chammbali, akuthamanga. Mayi wina anawanyoza kuti chaka chino asayerekeze. Imelda ndiye anaona kuti nkhuku ikujompha dongo la pamiyendo pawo, iwo osaipirikitsa. Anawoloka bwalo, n'kuwatseka maso.

M'nyumba anapeza dengu lokonzeka. Mariya, Yosefe, mafumu, abusa, onse anali ndi matupi ndi zovala, koma kumaso kunali kosalala, chifukwa nkhope ankaziumba pomaliza. Pansi penipeni, m'kansanza, munali mbusa mmodzi wakuda ngati mphika. Imelda atamugogoda ndi chikhadabo, analira ngati belu laling'ono. Anali wowotchedwa. Mayi wina woumba miphika anaulula kuti mkuluyo anamupempha malo pamoto wake, n'kumulumbiritsa kuti asayang'ane. Chimenechi ndicho chinthu chokhacho chimene a Vitus anawotcha moyo wawo wonse.

Masiku ano khola lathu lili ndi ziboliboli zochokera kuparishi, zoyera, zamasaya ofiira, zokongola ndithu. Sizifanana ndi munthu aliyense. Nsalu ikavundukulidwa anthu amagwedeza mutu, n'kukhala pansi. Novembala amadutsa munthu ukuyenda nkhope poyera, palibe wokuyang'ana, ndipo ena amavomera kuti zimawasowetsa mtendere kuposa kale. Pabwinja la a Vitus pamera maungu, komabe amayi akamadutsapo dzanja limapita lokha ku duku.

Timoteyo sanabwerere. M'mawa wa Khirisimasi Imelda amalowa m'tchalitchi anthu asanachuluke, n'kumasula mfundo ya nsalu yake. Amatulutsamo mbusa wowotchedwa uja, n'kumuimika kuseri kwa ng'ombe yoyera, wamfupi kuposa onse, wakuda, kaluzi katsopano kumwendo. Ana a Keziya amabwera kudzasuzumira ndi zipumi zawo zija. Mbusayo analeka kukalamba. Imelda wamupitirira, imvi zake zaposa phulusa la a Vitus. Amamuyang'ana kumaso mpaka atakhuta, kenaka amapita kukakhala ndi a kwaya, n'kuyambitsa nyimbo.