Tambala wa a Pulezidenti

Mpaka lero anzanga a kumpingo akaona munthu wa nsapato zonyezimira amayamba kundigunda ndi chigongono. Ndimangoseka nawo, nanga nditani poti ndinaziyamba ndekha.

Zinachitika zaka zija za makuponi a feteleza, nthawi ya malemu pulezidenti wathu uja. Kwathu kuno kwa Chulu tinazolowera kuti Januwale akafika ana azigonera madeya. Koma chaka chimenecho chimanga chinabereka, nkhokwe inadzaza mpaka china tinaunjika m'chigafa cha fodya. Ndinagwada m'munda momwemo n'kuwinda: "Ambuye, munthu mwamugwiritsa ntchitoyu akadzaponda ku Kasungu, ndidzamupatsa tambala ndi manja angawa."

Amuna anga anaseka. "Amake Tiyamike, pulezidenti angasowe nkhuku?"

"Inu, ndalonjeza kwa Mulungu, osati kwa inu."

Titamva pa wailesi kuti akubwera pa boma, ndinamanga tambala wanga wofiira miyendo ndi luzi n'kukwera lole. Tisanafike n'komwe anali atandidetsera chitenje chatsopano (ndinangochitembenuza, fumbi linabisa zotsalazo). Pabwalo anthu anali mbwee, koma ndinadzipanikiza mpaka pa chingwe chakutsogolo.

Galimoto zakuda zitayamba kulowa, wina anakuwa, "Afika! Afika!" Ine mtima phaa, n'kudutsa pansi pa chingwe (mphamvu zake sindidziwa ndinazitenga kuti). Tsono ife tinaleredwa kuti wamkulu sumuyang'ana kumaso, ndiye maso anga anali pansi. Ndinangoona nsapato zowala ngati kalilole zikutsika m'galimoto. Ndinati ndi omwewa. Ndinagwada, tambala m'mwamba ndi manja awiri.

"Bwana, mwatichotsa manyazi a njala! Ana anga akudya chifukwa cha inu. Mwamuna ngati inu m'dziko muno mulibe!"

Nsapato zija zinabwerera m'mbuyo. Ine n'kumazitsatira ndi maondo.

"Amayi," anatero mwini nsapato zija, "ndine bambo a Chisomo."

Mayo ine! Mkamwini wanga, mwamuna wa Tiyamike, dalaivala wa ku esiteti ya fodya, amene tsikulo anamubwereka kuti anyamule akuluakulu ena. Munthu woti tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire! Naye anagwada, nkhope atalozetsa kumbali, tonse awiri m'fumbi, tambala pakati akukupiza mapiko. Wapolisi anafika akuluma mlomo kuti asaseke. "Mayi, mukamaliza mapempherowo mubwerere kuseri kwa chingwe."

Ndinamusiyira tambala m'manja n'kuthawa. A pulezidenti enieni anafika ine ndili kuseri kwa lole, chitenje chili kumutu. Ndinangomva nthungululu ndi mawu awo pa zokuzira mawu. Kuwaona, ayi.

M'mawa mwake Tiyamike anabwera, tambala ali m'khwapa, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe.

"Amayi, akuti sangadye nkhuku ya a pulezidenti, akuopa kumangidwa."

Chowinda changa chinandilemera. Kenako ndinakumbuka kuti amene anakankha matumba a feteleza aja panjinga m'matope kuchokera ku depoti mpaka pakhomo panga anali mkamwini yemweyo. Ndinati Ambuye, mwina mwandiwongolera dzanja ndinu.

"Kawauze adye," ndinatero. "Koma zija ndinanena zoti mwamuna ngati iwo mulibe, aziiwale. Bambo ako angamve."

Pakhonde wina anatsokomola. "Tinamva kalekale, amake Tiyamike. Lole yonse inabwera ikuyimba zomwezo."