Kachitini ka ku Joni ndi dzino la apongozi

Pali nkhani zimene munthu amazinena atakalamba basi, onse oyenera kumuseka atatsogola kale kumanda. Iyi ndi imodzi mwa izo. Mukafuna kuseka sekani, koma dziwani kuti kwawo kwa mkazi wanga, cha ku Magaleta, anandiseka bwino kuposa inu.

Munali m'masiku a Chitaganya, nditangokwatira Esinati n'kukakhala chikamwini kwawo. Mkamwini nthawi imeneyo anali ngati khasu lobwereka, likalephera ntchito amalibweza kwa eni ake popanda wolira. Kumunda ndinalibe mlandu. Mizere ndinkaunga yowongoka, nkhokwe ndinaluka ndekha, nyumba ya apongozi ndinafolera. Vuto linali kuchipinda. Kunena mosazungulira (ndazungulira moyo wanga wonse, ndatopa), ine ndinali tambala. Ulendo umene anzanga ankati ndi wokwera phiri, ine ndinkafika ndisanatseke n'chitseko chomwe. Esinati sankadandaula. Ankangopumira m'mwamba n'kutembenukira kukhoma, ndipo kupuma kumeneko kunkandiwawa kuposa khofi. Ndinkaopa kuti tsiku lina nkhani idzafika kwa ankhoswe, ine n'kupinda mphasa yanga kubwerera kwathu ku Lisungwi.

Munthu wanzeru akanalankhula ndi mkazi wake. Ine, pokhala wanzeru kwambiri, ndinakalankhula ndi Jailosi.

Jailosi anali mnzanga wa paubwana, ndipo anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi njinga, jekete ndi nzeru zonse za dziko lapansi. Mkazi analibe, koma za akazi ankadziwa zonse.

"Iwe, zimenezo n'zazing'ono," anatero. "Ku Joni matenda amenewo anatha kalekale."

Anatulutsa kachitini konga ka fodya wamphuno. M'kati munali mafuta oyera onunkha kuchipatala.

"Amenewa amachititsa dzanzi. Upake pa mwini nkhaniyo, pang'ono pokha ngati njere ya mapira. Udikire, kenako upukute bwinobwino. Wamva? Upukute."

Ine ndinamva "upake". Zotsalazo zinapita ndi mphepo.

Madzulo ake ndinawerengera mwaukatswiri. Ngati njere ya mapira imakwanira munthu wa ku Joni, vuto langa linali lofuna njere ya chimanga. Ndinaonjezerako kuti ifike pa mtedza. Zopukuta ndinaziona zachibwana, mankhwala oti awoloka mitsinje yonse ija ine n'kuwapukutira pansanza?

Jailosi sananame. Tambala sanafulumire tsiku limenelo. Sanadzuke n'komwe. Ndinayesa kudzitsina, zinali ngati ndikutsina mwendo wa mpando.

"Kodi inu, mwadwala?" anafunsa Esinati.

"Ayi, ndatopa ndi kudimba."

"Nanga chikununkha ngati kuchipatalachi n'chiyani?"

"Mankhwala a dzino," ndinatero. "Dzino likundivuta."

"Liti?"

"Lam'kati kwenikweni. Silioneka."

Anapumira m'mwamba n'kutembenukira kukhoma kuja, komwe anali atakuzolowera. Kachitini ndinakasomeka kudenga, iye akundiona ndi diso limodzi.

Tsono apa mumvetse mwambo wake. Mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anizana. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Choncho sindinkadziwa kuti apongozi anga, a Nachisale, anali atatupa tsaya ndi dzino, osagona. Esinati ankadziwa. Ndipo mwana wabwino akamva kuti m'nyumba mwake muli mankhwala a dzino ochokera ku Joni, amayi ake akubuula, mukuganiza kuti achita chiyani?

M'mawa ndili kudimba, anatenga kachitini kaja n'kukapereka. Zinapezeka kuti pa nkhani ya muyezo wa mankhwala, ine ndi apongozi tinali a sukulu imodzi. Anatapa chala chonse. Anapaka dzino, nkhama, lilime, ndipo zotsala anapukutira pamilomo kuti zisawonongeke.

Pobwera kudimba ndinamva amayi akulira ngati pagwa maliro. Ndinapeza mudzi wonse uli pakhonde la apongozi. Iwo anali atakhala pansi, mlomo utagwera mbali imodzi, dovu lili chuchuchu pachitenje. Atandiona anaiwala za mwambo, anandiloza ndi chala.

"Aa... aka... bwini... bzino..."

(Pambuyo pake tinamva kuti ankafuna kunena kuti akamwini awathandiza, dzino lasiya kuwawa. Kunali kundiyamika koyamba chikwatirire, ndipo kukanandiphetsa.)

"Akuloza mkamwini!" anakuwa mayi wina. "Wawalodza!"

A Chimbalanga, malume ake a Esinati, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wathu, anandikhazika pansi pakati pa bwalo. Kachitini anakaika patsogolo panga atakagwira ndi tsamba la nthochi.

"Akamwini, mwawadyetsa chiyani alongo anga?"

"Sindinawadyetse ine. Ndi mankhwala a dzino."

"Dzino la yani?"

"Langa."

"Yasamulani tione."

Ndinayasamula. Abale anga, mano amene ndinkanyadira posenda nzimbe anandipereka tsiku limenelo. Onse oyera, onse olimba, ngakhale limodzi lobowoka. A Chimbalanga anasuzumira ngati akugula mbuzi.

"Mano awa ndi abwino kuposa anga. Tsono munthu wa mano otere asunga mankhwala a dzino kudenga chifukwa chiyani?"

Kumbuyo kwanga wina ananena zoti andimange. Wina anati apongozi akangomwalira, ine ndipita kuboma wapansi ndi chingwe m'chiuno. A Chimbalanga anadula mwachidule: ndikapanda kunena zoona, ukwati watha pomwepo, ndipinde mphasa dzuwa lisanalowe. Ndinayang'ana Esinati. Anali ataima pafupi ndi nkhokwe imene ndinaluka ija, akugwetsa misozi, poganiza kuti wapha amayi ake ndi dzanja lake. Apo mtima unandipweteka zedi.

Ndinali ndi njira ziwiri, kukhala mfiti kapena kukhala tambala. Ndisakunamizeni, ufitiwo ndinauganizira kwa kanthawi ndithu. Mfiti anthu amaiopako.

"Ndi opaka," ndinatero ndi mawu a udzudzu.

"Kwezani mawu, akamwini."

"Ndi opaka. Si a pakamwa. Ndi a... za m'banja."

"Opaka pati?"

Ndinangozolika ndi manyazi, kuyang'ana pansi. Tsoka lake, ndinali nditakhala chotambalala, ndipo maso a mudzi wonse anatsatira kumene maso anga anapita. Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

Woyamba kumvetsa anali apongozi. Anayang'ana kachitini, anayang'ana chala chawo, kenako anayamba kulavula ndi mlomo wosamverawo, malovu n'kumangogwera pachibwano.

A Chimbalanga anatsokomola. "Esinati, zimene akunena amuna akozi n'zoona?"

Mkazi wanga anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ndinaganiza kuti andibisira ulemu. Anandipulumutsa, inde, koma m'njira yake.

"Malume, asiyeni. Amuna angawa si mfiti. Mfiti imachezera usiku wonse."

Phwete limene linaphulika pamenepo analimva ndi a kutsidya kwa mtsinje. Mayi uja amene anakuwa kuti ndalodza anagwa pansi atagwira nthiti. A Chimbalanga anayesetsa kusunga nkhope ya unkhoswe, koma mapewa ankawagwedezeka. Mlandu unathera pomwepo, poti palibe amene anatsala ndi mpweya woweruzira.

Dzuwa likupendeka mlomo wa apongozi unabwerera m'malo mwake. Anatumiza mawu kudzera mwa Esinati, monga mwa mwambo, kuti dzino lasiya, koma kachitiniko akakataya okha kuchimbudzi kuti kasadzaonekenso pamudzi pawo.

Titatsala awiri, Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye munapita kukafunsa Jailosi? Jailosi amene amagona ndi njinga yake? Ine ndinali pompano. Anamkungwi anandilangiza zambiri, koma inu mumabwera ngati mukuthawa mvula, munthu ndingakuuzeni nthawi yanji?"

Zimene anandiphunzitsa sindingazilembe pano (si za ku Joni, ndipo sizilowa m'chitini). Ndingonena kuti mphasa sindinapinde, ndipo khoma lija linayamba kusowa womalitembenukira. Koma dzina linatsala. Mpaka ndamera imvi, ndikamadutsa pamudzi amuna ankagwira tsaya n'kumati, "Adokotala a mano, muli bwanji? Lam'kati lija lili bwanji?"

Mungaganize kuti phunziro ndi lakuti mankhwala osawadziwa ndi oopsa, kapena kuti muyezo ndi njere ya mapira. Ine ndinkaganizanso choncho. Koma a Nachisale atamwalira ali okalamba, Esinati akulongedza zinthu za amayi ake, anandiitana. Pansi pa dengu, katakulungidwa m'kansalu koyera, panali kachitini kaja. M'kati munali mbee, kokombedwa ndi chala mpaka m'makona.