Mwendo Umodzi wa Buluku

Mpaka lero ndikamva mawu akuti salaula, zovala zakaunjika zija, mtima umandiwawa, ndipo amene ndimamukwiyira kwambiri ndi mwini sitolo ija ya pa boma ku Chadiza. Munthu wanzeru zake angapachike bwanji makatani pakati pa tebulo la zovala, ogula a mbali ino osaonana ndi a mbali inayo?

Ine ndine mkamwini ku Mlolo. Ndalima minda ya eni ake mpaka msana kupindika, ndipo chaka chimenecho akuchikazi anali atavomera kuti tikambe za chitengwa, nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu ku Zemba. Nkhaniyo inali ya Loweruka. Vuto linali buluku. Langa linali ndi zigamba ziwiri kumbuyo (ana a m'mudzimo ankati ndili ndi maso oonera kumene ndachokera). Ndiye Lachinayi ndinapalasa njinga ulendo wa ku boma.

Sitoloyo ndi yaikulu ngati shedi ya thonje. Pakhomo pali mulu wa mabuku akale achingerezi onunkha chinyezi, mkatimo nsapato, majekete, madiresi, zonse mbwee. Ndinafika atangotsegula belo latsopano, anthu ali piringupiringu. Ndinapisa dzanja pansi pa zovala n'kugwira nsalu yolemera, yakuda, yosalala bwino. Buluku! Ndinalikoka. Nalo linandikoka.

Kuseri kwa katani wina anali atagwira mwendo winawo. Ine ndinkangoona dzanja lokha.

"Pepani, ndayamba kugwira ndine," ndinatero mwaulemu wonse.

Dzanjalo linangolimbitsa. Ndinakokanso, lokha nganganga. Apa m'pamene Satana anandilowa m'kamwa.

"Iwe! Tasiya! Manja okhakhala ngati chitsononkho, buluku lotere ukalivalira kuti? Kwanu kulibe mwambo?"

Ndinaponda mwendo wa tebulo n'kukoka ndi mphamvu zonse za kumunda. Kwee! Buluku linang'ambika pakati, ine chagada pa mulu wa nsapato, katani nayo pansi. Kuseriko kunaima apongozi anga aakazi, amayi ake enieni a mkazi wanga, mwendo wa buluku uli m'manja.

Inu odziwa mwambo mwamva kale kuzizira. Awatu ndi mayi amene tikakumana pa njira ndimapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana kumaso, ndiye ine n'kuwatcha "iwe" pagulu! Ndinakwawira kukhomo, n'kutola buku kubisa nkhope (mtsikana wogulitsa anandiuza kuti ndaligwira chozondoka, ngati limenelo ndiye linali vuto langa).

Apongozi sanandilankhule. Anatembenukira kwa mtsikanayo, mawu ali pansipansi.

"Mwanawe, uwauze bambo awo kuti bulukuli ndimagulira iwo omwe, kuti Loweruka asatichititse manyazi pamaso pa anthu. Uwauzenso kuti manjawa anakhakhala polera mkazi wawo."

Mtsikanayo, wopanda chisoni, anabwerezadi zonse mokweza, sitolo yonse ikumva.

Kenaka anatulukira mwini sitolo, akuti ndilipire katundu amene ndawononga. Ndinamuuza kuti wolakwa ndi iyeyo ndi makatani ake, kuti munthu sungatukwane apongozi ako ukuwaona. Iye osatekeseka n'komwe.

"Bambo, kuno timagulitsa zovala. Ulemu mumabwera nawo nokha."

Tamvani mwano wakewo! Ndinalipira buluku lathunthu n'kutuluka ndi mwendo umodzi. Winawo apongozi anaupinda bwinobwino n'kuuika m'dengu, umboni.

Loweruka ndinakhala pa mphasa ndi zigamba zanga zomwe zija, nkhuku yopepesera ili pambali. Malume ake a mkazi wanga anatsokomola kaye.

"Akamwini, tamva kuti kwanu ku Zemba akuluakulu mumawaitana kuti 'iwe'. Mwana wathu sanazolowere zimenezo, akadwala nazo. Yambani mwaphunzira kalankhulidwe kakuno, za chitengwa tidzaziona."

Nkhuku anadya. Mkazi wanga anakhala osandilankhula mpaka mtedza unakumbidwa. Nyumba imene ndinamanga ku Zemba mukugona mbuzi za mchimwene wanga, ine ndidakali ku Mlolo, khasu paphewa.

Ndimanenabe kuti wolakwa ndi wa sitolo uja, ndipo palibe adzandisinthe maganizo. Komabe pakamwa ndasamala. Dzulo china chake chinakoka thumba langa la chimanga kuseri kwa mpanda, ine ndinagwada kaye n'kunena kuti, "Tengani, amayi." Inali nkhumba, ndipo inatengadi.